Telala Wamanzere ndi Thabwa la Bambo

Amayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa malemu mayi anga, ndi telala. Mumsewu wathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Manzere, ndipo iwo amavomera mosanyinyirika ngati ndi dzina limene anabadwa nalo. Amadya ndi dzanja lamanzere, amaloza ndi lamanzere, ndipo ife amene tinakulira pamaso pawo tikudziwa kuti khofi lawonso limachokera mbali imene sukuyembekezera.

Dzanja limeneli linawavutitsa kuyambira ali mwana. Kusukulu aphunzitsi ankalimenya ndi rula mpaka kutupa, kunyumba ankawalanda supuni n'kuwagwiritsa kudzanja linalo. Iwo akaona kuti maso a akuluakulu achoka, ankaibwezera komwe inali. Atayamba kusoka anapeza kuti nayonso sizasi inapangidwira anthu ena: ukaigwira kumanzere imaluma chala chachikulu, ndipo nsalu imangoitafuna m'malo moidula. Mpaka lero pachala chimenecho pali khungu lolimba ngati la kuchidendene. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sanangogonja n'kumachita ngati anthu ena onse.

“Ndinayesa, mwana wanga,” anatero. “Dzanja lamanjali ndi laulemu, koma ndi laulesi.”

Shopu yawo ndi chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu. Muli makina osokera opalasa ndi phazi, galasi lalitali lothetheka pakona, chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani, ndi benchi imene azimayi amakhalapo podikira madiresi awo uku akujeda odutsa. Pamwamba pa chitseko pali misomali iwiri. Kwa zaka zambiri misomali imeneyo inkangochita dzimbiri popanda chopachikapo, ndipo mlandu wake unali wa bambo anga.

Bambo anali wolemba zikwangwani. Saluni, butchala, galaja, sitolo ya nsapato, paliponse pamene panali dzina lolembedwa ndi penti m'dera lathu panali dzanja lawo. Dzanjalo silinkanjenjemera. Ankazungulitsa chilembo O kamodzi kokha chikhala chatha, ndipo pansi pa chikwangwani chilichonse, pakona yakumanja, ankasiyapo kachizindikiro kawo, kaburashi kakang'ono. Analinso munthu wapakamwa, woti akayamba nkhani tiyi amazizira m'kapu. Mlamu wawoyu, amayi aang'ono, ndiye ankamulima ndi nthabwala tsiku ndi tsiku.

“Alamu, mayi uja mwamusokera dzuloyu ndamuona akuyenda chammbali ngati nkhanu. Diresi lonse lapendekera kumanzere!”

“Inu samalani za penti zanuzo,” amayi aang'ono ankayankha osakweza mutu pamakina. “Chikwangwani changa chija chili kuti?”

Bambo anawalonjeza chikwangwanicho tsiku limene anatsegula shopu. Anadula thabwa labwino, analipala, analipaka penti yoyera, n'kuliimika kuseri kwa chitseko cha kachipinda kawo kogwirira ntchito. Zinathera pomwepo. Akafunsidwa ankati, “Mawa, alamu. Ndikufunafuna zilembo zoyenda chobwerera kuti inu muthe kuwerenga.” Mawa limenelo linatha zaka. Mayi anamwalira, achimwene anasamukira kutali, ine ndinakula n'kuyamba ntchito m'sitolo ya mankhwala, thabwa lili chiimire kuseri kwa chitseko.

Kompyuta inalowa m'moyo wa amayi aang'ono atakalamba kale. Mwana wawo wamkazi atagula laputopu yatsopano anawasiyira yakale, ndipo tonse tinkaganiza kuti azingoikapo mapini. Koma munthu amene anaphunzira yekha kudula nsalu ndi sizasi ya eni ake saopa mabatani. Ankadina apa, kudina apo, zikasokonekera n'kuzimitsa, kuyatsanso, kuyambiranso. Pasanapite nthawi anali akusunga zithunzi za masitayilo m'mafoda, za ukwati pazokha, za ana pazokha, ndipo kasitomala akamavutika kufotokoza khosi la diresi limene akufuna, ankangomutembenuzira sikirini kuti aloze.

Bambo chinthucho sankafuna n'kuchiona komwe. Anali ndi chifukwa. Anthu anali atayamba kusindikiza zikwangwani pamakina, ndipo ntchito yawo inkachepa chaka ndi chaka. Akapeza mlamu wawo ataweramira laputopu, ankaima pakhomo n'kupukusa mutu.

“Chinthu cha anthu opanda manja chimenecho,” ankatero.

M'mawa wina bambo anagwa pabwalo burashi ili m'manja. Inali sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, dzanja ndi mwendo womwe, ndipo pakamwa panapindika. Adokotala anatiuza kuti nzeru zili bwinobwino, mawu onse ali m'mutu, koma lilime ndilo lalemera. Akafuna kulankhula pankangotuluka phokoso losamveka, ndipo ife tikamayesa kulota zimene akunena, “Madzi? Kuzizira? Kuchimbudzi?”, maso awo ankafiira ndi mkwiyo. Titabwerera kunyumba ndinawagwiritsa cholembera kudzanja lamanzere. Anakanda mizere ingapo ngati papalasa nkhuku, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaponya cholemberacho pansi. Munthu amene analemba mayina a msewu wonse analephera kulemba lake. Kuyambira tsiku limenelo anatembenukira kukhoma, ndipo ukawafunsa kanthu sankavomera kapena kukana ngakhale ndi mutu.

Achimwene anabwera kudzawaona. Ndi munthu wabwino achimwenewo, koma ndi uja woti akaona vuto amafuna lithe iye asanaimirire pampando. Amakhala mumzinda wakutali, m'nyumba yosanjikizana, pamwamba penipeni. Anaona kuti ine ndimachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo masana bambo amangosuzumiridwa ndi aneba.

“Mlongo wanga, wekha sungathe,” anatero. “Kumapeto kwa mwezi ndibwera ndi galimoto ndidzawatenge. Kwathu kuli wantchito, chipatala chili pafupi.”

Tinkakambirana zimenezi titaima kumiyendo kwa bedi, ngati tikupangana zosuntha kabati. Achimwene anawerama n'kufunsa mokweza, ngati kuti bambo agonthanso, “Mwavomera eti, bambo?” Bambo anangotseka maso. Achimwene anati kumeneko ndi kuvomera. Ine ndinapsa mtima, ndinati ndi kukana, tinakangana mpaka pageti. Mumtima mwanga ndinkaona kuti kumwamba kumeneko, kopanda msewu wawo ndi anthu awo, bambo sakachedwa kutisiya. Koma mwina unali mantha anga chabe otsala ndekha m'nyumba. Wodziwa zoona anali mmodzi yekha, ndipo anali chigonere choyang'ana khoma.

Ndinapita kukadandaula kushopu. Amayi aang'ono anandimvetsera mapini ali kukamwa, kenako anawalavulira m'dzanja.

“Eni akewo mwawafunsa?”

“Sangayankhe, amayi.”

“Sangayankhe ndi pakamwa. Dzanja linalo munalisiya kuchipatala?”

Mawa lake masana anatseka shopu n'kubwera ndi laputopu m'chikwama cha nsalu. Linali tsiku langa lopuma, ndiye ndinaona zonse. Anakoka mpando n'kukhala kumanzere kwa bedi.

“Alamu, takulandirani kuno kwa amanzere,” anatero. “Tinakusungirani malo kalekale.”

Bambo sanatembenuke. Amayi aang'ono sanawanyengerere. Anatsegula tsamba loyera, anakulitsa zilembo mpaka chimodzi kukula ngati chikhatho, n'kulemba mawu akuti TELALA. Anasankha zilembo zopindikapindika zokhala ngati za pakeke, anazipaka mtundu wa pinki, kumbuyo kwake n'kuikako wobiriwira wowala. Kenako anayamba kulankhula ndi ine mokweza.

“Iwe, taona kukongola! Ndatopa kudikira anthu ena. Mawa ndikasindikiza chimenechi ndikapachike pakhomo. Aliyense wofunsa ndizimuuza kuti andilembera ndi alamu anga.”

Ndinaona khosi la bambo likutembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana sikirini ndi diso limodzi, ndipo nkhope yawo inachita ngati anunkhiza mkaka wowawasa. Anatulutsa phokoso lalitali.

“Mwati bwanji? Sindikumva,” anatero amayi aang'ono, uku akufufuta zonse n'kukankhira laputopu pafupi ndi dzanja lawo. “Ngati muli ndi mawu, mabatani ndi awa.”

Tinawadzutsa n'kuwatsamiritsa kumapilo. Chala cholozera cha kumanzere chinanyamuka, chinafufuza, chinatera pa Z. Koma chinali cholemera, chinakhalitsa pabatani, ndipo mzere wonse unadzaza zzzzzzzz. Bambo anabweza dzanja msanga ngati apsa. Ndinati basi, zatha.

“Dikirani, musathawe,” anatero amayi aang'ono. “Taonani apa. Ndagwira batani ili lolembedwa Ctrl, ndadina Z. Zapita kuti? Apa ndi pomasulira msoko, alamu. Nsalu ukaidula molakwika yapita, penti ikadontha pachikwangwani umayamba kutukwana. Koma muno ukalakwitsa umangobwerera pamene unali, palibe amene adziwe.”

Kenako analowa m'malo osinthira zinthu, kumene ine sindinkafikako n'komwe, n'kuiuza kompyuta kuti batani likagwiridwa nthawi yaitali lizilemba chilembo chimodzi chokha. Anabwezera laputopu. Chala chija chinayambanso ulendo. Zinatenga nthawi yoti munthu akanatha kuchapa mbale zonse. Pomaliza pasikirini panali mawu amodzi, oyamba amene bambo anga ananena chigwereni pabwalo paja: ZONYANSA.

Amayi aang'ono anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinathawira kukhitchini, ndinakalira nditatsamira sinki. Sindinasangalalepo chotero ndi mawu achipongwe.

Kuyambira pamenepo ankabwera masana alionse, makasitomala akudandaula pabenchi. Zimene ankaphunzitsa bambo ndinkatolako nanenso, ndipo mpaka lero kuntchito amanditenga ngati katswiri. Kamausi, kachipangizo kogwira m'dzanja koyendetsera zinthu pasikirini, anakasamutsira kumanzere n'kusinthanitsa mabatani ake, kuti chala cholozera chizigwira ntchito yake ngakhale dzanja lasintha. Kamuvi koloza pasikirini anakakulitsa n'kukachepetsa liwiro, chifukwa kankathawa bambo asanakaone. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali kona yakumanzere ya kiyibodi.

“Taonani, alamu. Ctrl ali apa. S wosungira ntchito ali apa. Z womasulira msoko, C wokopera, V womatira, onse ali konkuno. Moyo wanga wonse ndagwiritsa ntchito zinthu za eni ake, koma amene anakonza ichi ayenera kuti anali mbale wanga.”

Vuto linali loti mabataniwo amafuna kudinidwa awiri nthawi imodzi, pamene bambo chala chomvera chinali chimodzi. Anayesa kutambasula chaching'ono, chinakana. Anayang'ana mlamu wawo ngati akuti, nanga pamenepa?

“Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe,” anatero amayi aang'ono, “koma iyi si nsabwe.”

Anadina batani la Shift kasanu motsatizana, panatuluka kafunso, anavomera. Kuchokera pamenepo bambo ankadina Ctrl n'kusiya, kenako S payekha, kompyuta n'kumva ngati adina pamodzi.

Mawu anayamba kubwera, afupiafupi. TIYI. ZENERA. WAILESI IKUSOKOSA. Ndinaphunzira kuti kwa milungu yonse ija ndinkawathirira shuga wambiri. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa za ulendo wa kwa achimwene, ndipo analemba zilembo zitatu: AYI. Ndinaimba foni nthawi yomweyo. Achimwene sanagwedezeke.

“Wodwala amakana ngakhale mankhwala,” anatero. “Ndiponso AYI ameneyo ungathe kulemba ndi iwe. Ndibwera monga tinapangana.”

Nditawauza bambo, anayang'ana kudenga, kenako analemba kuti NDIMULEMBERA NDEKHA. ZAMBIRI. Ndinamvetsa. Sankafuna kungokana ngati mwana. Ankafuna kuti mwana wawo aone kuti m'mutu muja mudakali munthu wathunthu.

Apa ndi pamene chikondi cha amayi aang'ono chinatipweteka. Anaona kuti laputopu ikuwadinda bambo pantchafu, ndipo telala akaona chinthu chosautsa thupi amangoganiza za nsalu. Anasoka pilo wokongola wa zidutswa zamitundumitundu, wonenepa ndi thonje, wokhala ndi milomo m'mbali kuti laputopu izikhala m'kati mosaterereka. Tonse tinamuyamikira. Bambo analemba masana onse ali pa pilo ameneyo, chilembo chimodzichimodzi, thukuta lili kamukamu pamphumi, mpaka mawu anafika pakati pa tsamba. M'kati mwa laputopu munkamveka kulira kwa kafani, koma palibe anasamala. Mwadzidzidzi sikirini inada.

Titaiyatsanso, tsamba linali loyera. Bambo, potanganidwa ndi kusaka zilembo, sanadine S ngakhale kamodzi. Anayang'ana poyerapo, anakankha laputopu ndi chigongono, n'kutembenukira kukhoma kuja. Mwezi unali utatsala pang'ono kutha. Amayi aang'ono anaimirira. Ananyamula laputopu yawo ili yotentha ngati ayironi, n'kutuluka osatsanzika.

Mwamwayi, mawa lake kushopu kunabwera mayi wina wokonza mafoni ndi makompyuta kudzayesa siketi. Anamva nkhaniyo ali chiimire pagalasi. Anafunsa pamene laputopuyo imakhala, ndipo atamva za pilo anaitembenuza chagada n'kuwaonetsa timipata tapansi ndi tam'mbali.

“Imapumira apa, mayi. Inu mwaitseka mphuno. Ikatentha kwambiri imazima yokha kuti isapse. Sinafe ayi. Muziiika pachinthu cholimba ndi chosalala, osati pabulangeti kapena pamatilesi, ndipo fumbi la m'timipatamu muzilichotsa ndi kaburashi kouma.”

Amayi aang'ono anafika kwathu akupumira m'mwamba. Anatenga pilo uja, anakhala pamene bambo akanatha kumva, n'kuyamba kumasula misoko yake ndi lezala. Thonje linkagwera pansi.

“Alamu, wolakwa ndine,” anatero. Mawu awo analibe nthabwala. “Ndinafuna kukusamalirani ntchafu, ndatsamwitsa mawu anu. Ndikudziwa mmene zimawawira. Koma mukangogona choncho, mwana wanu adzakunyamulani ngati thumba chifukwa cha pilo wanga, ndipo mlandu umenewo ndidzapita nawo kumanda. Malemu achemwali anga ndikawauza chiyani? Musandichite zimenezo.”

Bambo sanasunthe. Amayi aang'ono anandituma kuti ndipeze chinthu cholimba chosalala. Thileyi inachepa, tebulo linatalika. Ndinalowa m'kachipinda ka ntchito, mmene simunalowe munthu chidwalireni bambo. Munkanunkhabe penti, maburashi ali m'zitini. Nditatseka chitseko kuti ndione kuseri, ndinalipeza lili chiimire, loyera, lokutidwa ndi fumbi. Ndinalipukuta n'kubwera nalo, sindinaganize n'komwe kuti ndi thabwa liti.

Amayi aang'ono analizindikira lisanalowe lonse m'chipinda.

“Ha! Chikwangwani changa chafika! Mawu ndiwo palibe, koma chafika. Alamu, mwasunga lonjezo theka.”

Ndinaona phewa la bambo likugwedezeka. Ndinaopa kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwa mbali imodzi kotuluka ndi malovu. Anatembenuka okha. Tinagoneka thabwa pamiyendo pawo, linakwana ngati analiyeza, laputopu pakati, kamausi kumanzere.

“Tsopano mverani lamulo la telala,” anatero amayi aang'ono. “Susoka mtunda wautali osamanga mfundo, ulusi ungasololoke wonse. Chiganizo chikatha, Ctrl, S. Chikatha china, Ctrl, S. Mukaiwala ndikubayani ndi pini.”

Anayambiranso. Ulendo uno sanatilole kuwerenga. Tikayandikira ankaphimba sikirini ndi dzanja, ndipo chimene tinkangomva chinali kugogoda kwa chala, kupuma, kenako kugogoda kuwiri kwa mfundo ija.

Achimwene anafika m'mawa wa Loweruka ndi galimoto, kumbuyo kuli mpando wa matayala watsopano ndi bulangeti la paulendo. Anapeza bambo atakhala tsonga, atameta ndevu, thabwa lili pamiyendo. Amayi aang'ono anali pakona ndi nsalu yopinda m'mphepete, ngati munthu amene zinthuzi sizikumukhudza.

“Khala uku, kumanzere,” anauza achimwene. “Bambo ako akufuna kulankhula nawe.”

Bambo anatsegula fayilo okha. Zilembo zinali zazikulu, zoongoka, zopanda zokongoletsa, mtundu umene ankakonda pazikwangwani za zipatala. Achimwene anawerenga mokweza, ndipo mawu awo ankatsika mzere uliwonse.

MWANA WANGA ZIKOMO. UKUNDIFUNIRA ZABWINO. MUTU WANGA ULI BWINO. ZONSE ZIMENE MUMAKAMBA NDIMAMVA. SINDIKUPITA. PAZENERA ILI NDIMAONA NTCHITO YANGA NDIPO ODUTSA AMANDIPATSA MONI. MAYI AKO ANATSIRIZIKIRA M'CHIPINDA CHINO. MLONGO WAKO WATOPA, MUPEZERE WOMUTHANDIZA MASANA. UZIBWERA KAWIRIKAWIRI.

Achimwene anamaliza kuwerenga. Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo ndinaona funso likubwera lisanafike pakamwa.

“Walemba zimenezi ndani?”

Amayi aang'ono anakweza mutu, koma anabwereranso kunsalu yawo. Chala cha bambo chinali chitanyamuka kale. Tonse tinachiyang'ana chikuyenda pamabatani, chikuphonya, chikumasula msoko, chikuyambiranso. Palibe anathandiza. Mawu anatuluka pansi pa enawo pang'onopang'ono, achimwene akuwatsatira ndi milomo.

ULI MWANA UNAKHALIRA CHIKWANGWANI CHA BUTCHALA CHISANAUME. MATAKO OFIIRA SABATA YONSE.

Kenako chala chinapita pa Ctrl, n'kupita pa S.

Nkhani imeneyi ine sindinkaidziwa, inachitika ndisanabadwe. Achimwene anaphulika kuseka, koma kusekako kunathyoka pakati. Munthu wamkulu, wa dazi, anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja lamanzere lija ndi manja onse awiri.

“Bambo, mulipo,” ankangobwereza. “Mulipo, bambo. Pepani.”

Galimoto inabwerera yopanda munthu kumbuyo. Mpando wa matayala unatsala, chifukwa bambo analemba kuti MPANDOWO SIYA. Za wotithandiza masana tinakambirana tonse anayi, ndipo woyamba amene tinamutchula bambo anamukana ndi mawu awiri amene sindingawabwereze pano.

Madzulo ake ndinaperekeza amayi aang'ono mpaka pakona. Ndinafuna kuwathokoza bwinobwino, ndinali nditakonza mawu ambiri. Ndinangoti, “Amayi, mwatibwezera bambo.” Iwo anasuntha chikwama cha laputopu paphewa.

“Sindinabweze kanthu, analipo. Ine ndinangodziwa njira ya mbali inayo. Tsopano bwerera, ukachepetse shuga.”

Ndimawathokozabe, ndipo ndidzawathokoza mpaka tsiku langa lomaliza. Ndimathokoza ngakhale kuuma mutu kwa kamtsikana kaja kamene kankabwezera supuni kumanzere akuluakulu akayang'ana kumbali.

Patapita miyezi, bambo analemba kuti ndiwapezere thabwa lina loikapo laputopu, loyerali ali nalo ntchito. Anasankha zilembo pakompyuta, anavutika ndi mipata ya pakati pake masiku ambiri, akusuntha, akubweza, mpaka diso lawo linakhutira. Ndinakazisindikiza pamapepala akuluakulu. Tinamata mapepalawo pathabwa, iwo anadinda mizere yake, ndipo kenako anapempha burashi. Chilembo chimodzi chinkawatengera m'mawa wonse. M'mphepete mwa zilembo munali monjenjemera, O sanazungulire bwino, koma sanaponye burashi pansi. Kachizindikiro kawo anakaika pansi, pakona yakumanzere.

Tsiku lopachika ndinawakankha pampando wa matayala mpaka kushopu, laputopu ili pamiyendo. Azimayi a pabenchi anatuluka onse. Mwamuna wa pasitolo yoyandikana anakwera pampando n'kukoleka thabwa pamisomali iwiri yadzimbiri ija. TELALA WAMANZERE, zilembo zakuda pathabwa loyera.

Amayi aang'ono anawoloka msewu kuti akaone bwino. Anaima kutsidya nthawi yaitali, tepi ili m'khosi, manja ali m'chiuno. Pobwera anaima kutsogolo kwa mpando wa bambo.

“Alamu, chikwangwanichi chapendekera.”

Bambo anatsegula laputopu. Tonse tinadikira chala chija, ndipo amayi aang'ono anawerama kuti awerenge.

NGATI MADIRESI ANU.

Anaseka mpaka azimayi a pabenchi anayamba kuseka nawo osadziwa nkhani. Kenako anatembenuka kuyang'ananso pamwamba pa chitseko chawo, n'kupukuta m'maso ndi dzanja lamanzere.